Magetsi Atsopano a Fyson

Fyson anali atangoikitsa magetsi oyera mbee pa takisi yake. Kutangoda, ananyamuka ku Luwinga kukatenga mkazi wake ku Ching'ambo.

"Hilda, tuluka panja uone! Ndikubwera ngati dzuwa!" anakuwa pafoni, uku akuponda moto.

Pakona anaona wakabaza ataima pakati pa msewu, atagwira njinga yopindika tayala. Fyson anamuzemba akuseka. Pakona yachiwiri anapezanso munthu yemweyo, njinga yomweyo. Mitengo yonse inali ndi zithunzithunzi, koma wakabazayo analibe.

Fyson anawonjezera liwiro, foni ikadali kukhutu.

"Magetsi ngabwino chomene, adada," mawu anamveka kumpando wakumbuyo. "Amene anandigunda uja nayenso anandiona bwinobwino."