Dokowe wa Blagoy

Ulusi wofiira ndi woyera umene mwamuna wanga Blagoy anandimanga pamkono kumayambiriro kwa Malichi unali utalowa m'mnofu. Ndinali ndi pakati, ndipo thupi lonse linali litatupa.

Dokotala Karamfilova sanakhale pansi n'komwe.

"Mayi, magazi anu akuthamanga kwambiri. Tayezanso kanthu kam'magazi kamene kamakulitsa mitsempha ya nsengwa, ndipo katsika zedi. Mwana sakulandira chakudya chokwanira, inunso mutha kukomoka nthawi iliyonse. Timutulutsa lero."

"Miyezi sinakwane, adokotala."

"Ndikudziwa."

Namwino anabwera ndi diripi ndi sizasi. Ine ndinabisa mkono m'bulangete.

"Sindinaone dokowe," ndinatero. Pamwambo wathu, ulusiwu munthu savula asanaone dokowe woyamba wa chaka; ngakhale namwinoyo anali ndi wake pamkono.

"Achemwali, madokowe salowa muwodi muno," anatero namwino. "Dzanjalo layamba kale kuda. Bweretsani kuno."

Blagoy ankangozungulira, kuchoka pakhomo kupita pawindo, n'kubwereranso. Kunja kunkagwa mvula yozizira, ndipo pamwamba pa magalimoto panalibe ngakhale khwangwala. Mwadzidzidzi anaima, n'kugogoda galasi ndi chala.

"Rumyana, uyo. Dokowe."

"Ali kuti?"

"Wadutsa kuseri kwa denga. Wamkulu bwino, miyendo italiitali."

Blagoy satha kunama. Akangoyesa, makutu ake amafiira ngati tsabola. Ndinawayang'anitsitsa makutuwo, ali psuu, iye maso ali kunja.

Ndinatulutsa mkono m'bulangete.

"Inenso ndamuona," ndinatero. "Dulani."