Chikhomo M'dimba la Evelesi

Chikhomo chofiira chinalowa pakati penipeni pa mbatata za Evelesi, iye ali chilili, khasu lili m'manja.

Wokhomayo anali mlamu wake Hilario, mphunzitsi wa kumishoni. Pambali pake panaima Mzungu wamagalasi amene kampani ya thonje inamuitanitsa kuchokera kusukulu yaikulu ya kwawo kuti adzawerengere kasefukiridwe ka Shire.

"Mlamu, masamu a bwanawa akuti madzi a chaka chino adzafika pano," anatero Hilario. "Musamukire kumtunda."

Evelesi anaponya maso kutsidya kwa dambo. Nyumba ya makina a thonje inali kumunsi kuposa dimba lake, koma kumeneko sanakhomeko kanthu. Dzana lomweli anaona amtengatenga akutula matumba a mbewu ya thonje m'malire mwa dimbalo.

"Tawafunsani abwana anuwo," anatero. "Madziwo adzasankha munda wa mkazi wamasiye n'kulambalala makina a kampani? Nanga ine ndikachoka, adzalima muno ndani?"

Hilario anatembenukira kwa Mzunguyo n'kunena timawu tochepa m'Chingerezi. Mzunguyo anamwetulira, n'kuvulira Evelesi chipewa ngati munthu amene wathokozedwa.