Dzino la Phungu Tu

Mpando unamupeza pakamwa Tu Chin-fa asanafike pagome la sipikala wa nyumba ya malamulo. Dzino linathothoka, magazi n'kuyenderera patayi. Zaka makumi awiri ali phungu ku Taipei, anthu akwawo ankamuvotera chifukwa chomuona pa TV akuwamenyera nkhondo ndi zibakera zenizeni. Koma chaka chino ankati wakalamba.

"Galu iwe! Lamuloli silidutsa!" anakuwa Tu, atamugwira pakhosi Fang, phungu wa chipani cholamula amene anamugenda ndi mpandowo.

Fang ananong'ona: "Pepani achimwene, ndaonjeza. Madzulo mowa ndigula ndine."

Tu anasuzumira kumene kunali atolankhani. Onse ankajambula ndewu ina kukhomo.

Tu analavula magazi. "Tola mpandowo msanga. Akatembenuka undimenyenso."