Zala Zinayi Pansi pa Denga

Denga linaliranso kawiri, ngati mpando wakale ukakhaliridwa ndi munthu wonenepa. Wubit sanatukule n'komwe maso. Anagwada pakati pa holo, n'kulowetsa dzanja pakati pa chitsulo cholendewera ndi chikhomo cha pansi. Zala zinayi. Monga dzulo, monga dzana, monga tsiku lija anachotsa mitengo yochirikizira, masabata atatu apitawo.

Dengali inali ntchito yake yoyamba chitulukire kusukulu ya uinjiniya. Holo yosankhiramo khofi, kuseri kwa tauni ya Yirgalem, yopanda mzati ndi umodzi womwe pakati. Nsungwi zong'amba anazilukira pansi ngati ukonde, amuna makumi anayi n'kuukankhira m'mwamba pang'onopang'ono mpaka unakhota ngati dengu lovundikira, kenako mabauti n'kumangidwa pamphambano iliyonse. Pulani yoyamba inkafuna nsungwi 900. Wubit anakhala miyezi iwiri pa kompyuta akusuntha mizere, kumphepete akuithinitsa, pamwamba akuitalikitsa, mpaka zinatsika kufika 600. Nkhani ya nsungwi 300 zopulumukazo ankaifotokoza paliponse, ngakhale kwa osafunsa.

Mantha anali nawo ndithu, kungoti sankawaonetsa. Denga lotere siligwa mwadzidzidzi. Limayamba latsika pakati, pang'onopang'ono, maso osaona. N'chifukwa chake anakoleka mphete pansonga penipeni pa dengalo, n'kudutsitsamo chingwe. Mbali ina ya chingwe inanyamula chitsulo chija, mbali ina anaimangirira pa msomali wa pakhoma, pafupi ndi mpando wa mlonda. Denga likatsika, chitsulo chitsikanso.

Mlondayo anali Gash Hameso (Gash ndi mawu aulemu oitanira amuna akuluakulu kuderali), msilikali wakale amene chibadwire sanafunsepo kuti lamulo laikidwiranji. Tsiku loyamba lija Wubit anawauza mwachidule: apa pazikhala zala zinayi, chitsulo chisakhudze chikhomo, mbuzi ndi anthu zisayandikire. Mkuluyo anamenya sawatcha. Kuchokera pamenepo sanajombepo, ndipo msomali uja anaupezera ntchito ina yokolekapo chijekete chawo cha usilikali.

Lero linali tsiku lotsegulira. Panja amayi mazana awiri anali pamzere, madengu m'manja, kudikira mawu a injiniya.

Amene sankasangalala nawo anali Bunato, mmisiri amene waluka nyumba za nsungwi m'mapiri amenewa kuyambira ali ndi mano onse. Anaima pakhomo, manja kumbuyo, khosi litapendekeka, akumvetsera.

"Injiniya, denga lanuli likubwera pansi," anatero. "Pamwamba paja munasiya mipata yoti mbuzi n'kudutsa. Makoko a nsungwi tinafolera aja amwa mvula masiku asanu. Chitseko cha kumadzulo dzulo tachitsegula ndi phewa."

"Chitseko chafufuma ndi chinyontho, Gash Bunato. Nsungwi zimalira zikamakhazikika, inunso mukudziwa. Inu mumayeza ndi khutu, ine ndimayeza ndi ichi." Analoza chitsulo.

"Khutu limeneli silinaphepo munthu, mwana wanga."

Wubit anaumva mtima ukugunda m'makutu. Mkuluyu anayamba kung'ung'udza tsiku lomwe anaona pulani, ndipo aliyense ankadziwa kuti chinkamuwawa n'chakuti ntchito ya nsungwi yapatsidwa kwa mtsikana wa mumzinda wa Addis wodziwa kompyuta. Komabe kafumbi kachikasu kochokera kudenga kanali katathothokera pa matebulo amene anapukutidwa m'mawa womwewo. Wubit anakayang'ana nthawi yaitali. Kenako anagwadanso, n'kuyezanso, ulendo uno ndi tepi. Mpata unali womwewo, osachepa ngakhale ndi chikhadabo. Munthu akhoza kunama chifukwa cha nsanje, koma chitsulo chilibe nsanje ndi aliyense.

"Amayi alowe," anatero Wubit.

Bunato anapita pamzere, n'kugwira dzanja la mkazi wake, n'kumutulutsamo. Amayi anzake anaseka chikhakhali, wina n'kukuwa kuti mdalayo akungofuna womuphikira khofi kunyumba. Awiriwo anakwera kaphiri osacheuka.

Holo inadzaza. Matumba anamasulidwa, khofi anakhuthulidwa pa matebulo, zala zinayamba kuthamanga kutola mbewu zowola. Pakona wina anayatsa lubani, utsi n'kukwera molunjika kukasowa m'mipata ya nsungwi. Nyimbo inayamba kumapeto kwa tebulo lalitali, ndipo itakolera, kulira kwa denga sikunamvekenso. Kwa nthawi yoyamba m'masabata atatu, mapewa a Wubit anamasuka. Anafuna wina woti amuthokoze, maso ake n'kugwera pa mlonda.

"Gash Hameso, mwagwira ntchito. Chitsulo changa mwachisamala."

Mkuluyo anadzuka, n'kuima njo, nkhope ikuwala. Anachotsa chijekete pa msomali kuti avale, popeza lero linali tsiku la ulemu. Msomaliwo sunkaonekanso. Unali utakwiririka m'chimpukutu cha chingwe chachikulu ngati chibakera.

"Koma mudzagule chingwe china, Injiniya, ichi chimatamuka," anatero. "M'mawa uliwonse ndimapeza chitsulo chitagona pa chikhomo, ndiye ndimakulungako pa msomalipa kuti zala zanu zinayi zija zikwane. Lero lokha ndakulunga katatu."

Pa tebulo lapakati, bauti yochokera kudenga inagwera m'khofi.