Mwana Amene Ankachongedwa Kuti Alipo

Panali munthu wina dzina lake Wilkins, mnyamata wa ku Chilomoni, amene analembedwa uphunzitsi chaka chimene sukulu za pulayimale zinakhala zaulere, matipate atangoyamba kumene. Nkhaniyi anandiuza ndi munthu amene anaphunzitsa naye limodzi.

Anaphunzitsidwa ntchito milungu iwiri yokha, kenako n'kupatsidwa choko. Anamutumiza kusukulu ina kuseri kwa Ligowe, Neno idakali pansi pa Mwanza. Kumeneko anamupatsa Sitandade 4, ana 130 pansi pa mtengo, bolodi atalitsamiritsa pathunthu.

Tsiku loyamba lomwelo Mayi Gerishon, mphunzitsi amene anali atatha zaka makumi awiri pasukulupo, anamukokera pambali.

"Aphunzitsi, zinazi muphunzira pang'onopang'ono. Koma rejisitala musamaichitire ulesi. Muziitana dzina lililonse, mwana ayankhe, mumuone nkhope. Akajomba masiku atatu, nyamukani mukafike kwawo."

Wilkins anavomera ndi pakamwa pokha. Thupi linali ku Neno, mtima uli ku Blantyre. Ankasowa magetsi, ankasowa anzake, ankasowa ngakhale phokoso la maminibasi. Mwezi uliwonse ankalemba kalata yopempha kuti amusamutse. Ndiye munthu wotereyu aziitana mayina 130 m'mawa uliwonse? Anapeza chidule. Lachisanu masana ankakhala pansi n'kuchonga sabata yonse kamodzi: alipo, alipo, alipo. Rejisitala yake inali yaukhondo kuposa ya aliyense. Ana ankangowaitana kuti "iwe wajuzi", "iwe wakumapeto".

Kutsogolo kunkakhala mtsikana wina wa zaka khumi ndi zitatu, amene anabwerera kusukulu chifukwa cha ulere uja. Masamu ankamaliza anzake akadasongola mapensulo. Lolemba lililonse ankaika manachesi awiri pampando wa aphunzitsi, ndipo Wilkins ankasenda n'kudya bwinobwino. Tsiku lina mtsikanayo anamuuza kuti akufuna kudzakhala mphunzitsi ngati iye. Wilkins anati limbikira, maso ali palole imene inkadutsa kumsewu.

Kenako manachesi anasiya kubwera. Wilkins anangoti mwina nyengo yake yatha.

Patatha mwezi, Mayi Gerishon anamufunsa kuti kodi Deliwe ali kuti, popeza sankamuonanso pamzere m'mawa.

"Deliwe ndiye uti?" anafunsa Wilkins.

Mayiwo anamuuza kuti ndi mtsikana wokhala kutsogolo uja, n'kutsegula rejisitala. Deliwe Dickson anali atachongedwa masiku onse mpaka Lachisanu lapitalo. Sanakalipe. Anangomuuza kuti atseke bukulo, ali ndi ulendo.

Anayenda maola awiri, kukwera ndi kutsika. Anawapeza a Dickson, bambo ake a Deliwe, akusoka dengu pabwalo. Atalonjerana, bambowo anafotokoza mosabisa. Kunabwera mayi wina wa m'tauni wopikula manachesi, ndipo anapempha kuti amutenge Deliwe akamulerere ana, ati akamulowetsanso sukulu komweko. A Dickson anaona kuti n'zabwino, chifukwa kwa iwo sukulu yaulereyi inali yongounjika ana pansi pa mtengo, popanda wodziwa mwana wa munthu. Deliwe anakana, analira, anati aphunzitsi ake amamudziwa.

"Ndiye ndinamuuza kuti chabwino, khala pakhomo tione. Aphunzitsi akowo akabwera kudzakufunsa, ubwerera kusukulu, ine sindidzayankhulanso. Akapanda kubwera, mayi aja akadzafika unyamuka nawo. Mwezi wathunthu, aphunzitsi, mwanayo ankavala yunifolomu m'mawa n'kukhala pamwala uwo, kuyang'ana njira imene mwadzerayi. Wapita Loweruka lapitali."

Wilkins anauyang'ana mwalawo. Atafunsa kumene mayi uja amakhala, bambowo anati ku Blantyre basi. Dzina ankangomudziwa kuti mayi a manachesi.

Sukulu zitatsekera, Wilkins anapita ku Blantyre kuja ankakulirira. Sanapite kumpira, sanacheze ndi anzake. Anayenda Ndirande, Bangwe, Zingwangwa, kuima pamipopi ndi m'misika, kuyang'ana atsikana obereka ana a eni ake. Anthu ankamufunsa kuti mwanayo ndi wooneka bwanji. Chimene ankakumbukira bwino chinali pamutu pokha, mwana atawerama kulemba m'kope. Zinamuwawa kwambiri. Mayi wa manachesi sanabwerenso ku Ligowe, ndipo Deliwe sanamvekenso.

Chaka chotsatira kalata yomusamutsa inafika. Anaiwerenga, anaipinda, anakauza ahedi kuti sapita. Anaphunzitsa ku Neno mpaka kupuma pantchito. M'mawa uliwonse ankaitana mayina mmodzimmodzi, kudikira mpaka mwana adzutse nkhope. Mwana akajomba, tsiku lachitatu makolo ankangoona aphunzitsi ali pabwalo, fumbi lili m'mapazi. Ana ambiri anabwerera kusukulu chifukwa cha iye, koma akamuyamikira sankasangalala kwenikweni. Ankati amene ankamufuna ndi mmodzi.

Akuti mpaka pano, nyengo ya manachesi ikafika, mkuluyo amakonda kukhala pamsika wa pa Neno Boma kuonerera otsika minibasi. Akaona mayi wa msinkhu umene Deliwe akanakhala nawo, amamulonjera n'kumufunsa dzina. Rejisitala ija anaisunga, ndipo amaionetsa kwa mphunzitsi aliyense watsopano amene wabwera kudzamuchezera. M'buku limenelo Deliwe sanajombepo ngakhale tsiku limodzi.

Phunziro: Inu amene mwangoyamba uphunzitsi, ndi inu amene mukuufuna, dziwani ana anu ndi mayina awo. Musachonge mwana amene simunamuone ndi maso. Akasowa, musadikire mwezi, chifukwa mwina wakhala pamwala kudikira inuyo. Ndipo anzanu akale pantchito akakukokerani pambali, mverani. Tumizani nkhaniyi kwa mphunzitsi aliyense amene mukumudziwa, aiwerenge asanatsegule rejisitala mawa.