Tsiku lopumitsa makina

Linali tsiku la mwambo wopumitsa makina mumzinda wa Bengaluru. M'labotale monse anali atazimitsa zipangizo, kuzipaka utoto wofiira ndi kuziveka nkhata za maluwa. Koma Nagaveni anabwerera kutangoda, chifukwa anasiya kabotolo kake pa kagudumu kozungulira m'chipinda chozizira. M'kabotolomo munali kachidutswa ka chotupa cha mayi wina amene anamwalira sabata yatha. Nagaveni ankafufuza malo amene mapuloteni amagwira pa DNA, ndipo kachidutswako kakanawonongeka, kena kunalibe.

"Achemwali, lero ngakhale sipanala ikupuma," anatero Thimmappa, mlonda, akumwa tiyi pageti. "Inu ndiye mwaposa sipanala?"

"Ndingotenga n'kutuluka, achimwene. Tiyiyo mundisiyireko."

M'chipinda chozizira kagudumu kankazungulira, go, go, go, nkhata yake ikukwekwerezeka pathebulo. Nagaveni anawerama kuti azule pulagi. Anaipeza ili pansi, yozulidwa kale, itapakidwanso utoto wofiira.

Anaweramuka. Kagudumu kanayamba kuchedwa, kenaka kanaima, kabotolo kaja kali pamwamba, moyang'anana naye.

"Achimwene!"

Chitseko cha chipindacho n'chochindikala, mawu satuluka.

Anatambasula dzanja. M'chipindamo munkazizira mpaka mpweya wake kuoneka ngati utsi, koma kabotolo kanali kofunda ngati kachokera m'khwapa mwa munthu. Anakakoka. Sikanatuluke. Anagwira ndi manja onse awiri n'kukokanso mwamphamvu.

Pang'onopang'ono, kabotolo kanayamba kumukoka iyeyo.