Mpando wa Amayi

Mlamu uja anali atayambanso kukoka mwendo kuseri kwa kauntala, ndipo Madamu ankamuyang'ana cham'mbali, atapotoza milomo.

M'sitolo ya nsaluyo munali mpando umodzi wokha, wofewa, wokhala ndi poika miyendo kutsogolo kwake. Kalipentala anaubweretsa chaka chatha, amuna awo a Madamu atangopita kukagwira ntchito kunja. "Abwana ati ndi wa amayi a m'sitolo muno," anatero. Nanga amayi muno ndani? Madamu anakhalapo tsiku lomwelo. Chinkangowanyansa n'chakuti kalipentalayo anali mbuli yeniyeni: poika miyendopo panali patali ngati ankapangira chimphona. Iwo ankangosanjikapo chikwama chawo.

Mlamuyo, mlongo wa amuna awo, mkazi wamtali ngati nsungwi, ndiye ankayeza nsalu, kudula, kupinda, kuyambira potsegula mpaka potseka. Kuchipatala anamuchita opaleshoni, kumuchotsa mitsempha yotupa ya m'miyendo. Lero taonani, yabwereranso, yopiringizika ngati nyongolotsi, ndipo pakakolo payamba chilonda.

Asa! Munthu wamkulu wosamva za adokotala! Madamu anali atatsimikiza mtima: amuna awo akufika lero, ndipo mtolo umenewu uchoke m'sitolo lero lomwe, ukadzionere kwina kodyera. Makasitomala amabwera kudzaona nsalu, osati mabandeji.

Abwana analowa masana. Moni asanazizire n'komwe, Madamu anayamba.

"Bambo, mlongo wanuyu ndatopa naye. Alamu, takwezani siketiyo achimwene anu aone. Opaleshoni yonse ija yalowa m'madzi. Kusasamala basi! Zimene adokotala ananena anazisiya pageti pachipatala pomwepo."

Mlamu anakweza siketi pang'ono, maso ali pansi. Abwana anayang'ana miyendoyo, nkhope yawo n'kugwa.

"Achemwali, adokotala aja sananene kuti mukamaimirira tsiku lonse mitsempha ina idzatupanso? Kuti muzikhala pansi, miyendo ili m'mwamba?"

"Ananena, achimwene."

"Mwadzimvera nokha!" Madamu anawomba m'manja, n'kutsamira bwinobwino.

"Nanga mpando ndinakupangitsirani uja uli kuti, achemwali? Ine ndinachita kumuuza kalipentala kutalika kwa miyendo yanu."

Mlamu anangotembenuka n'kuyang'ana pamene panakhala Madamu, timiyendo tawo tili lendelende.